Bowo Lachisanu ndi Chimodzi

Loweruka masana, kuseri kwa tchalitchi cha ku Rosettenville,
m'chipinda chosungiramo mipando yothyoka,
bambo Mofokeng anayala zitoliro zamalata pa thawulo
ngati munthu wogulitsa mipeni.
Zitatu. China chachifupi ngati cholembera,
china chapakati,
china chotalika kuchokera kuchala mpaka pachigongono.
Akuti sankhani, koma musapupulume, si tomato ameneyu.

Ophunzira tinalipo anayi:
Lwazi, kamtsikana ka mano otalikirana,
Kondwelani wa ku Ntcheu, wolondera magalimoto pamsika,
mayi wina wa ku Kongo yemwe dzina lake limandithawa,
ndi ine Tinenenji, woluka tsitsi m'mbali mwa msewu wa Verona.

Lwazi anatola chachifupi osafunsa munthu.
Kungochiuzira, makutu anga ziii,
nkhunda za padenga balalabalala.
Iye kuseka mpaka kukhala pansi.

Langa diso linali pa chachitali.
Bambo aja atachiliza, mawu anatsikira pansi
nayenda m'simenti mpaka m'mapazi mwanga,
ngati basi yakumudzi ikamadzuka usiku pa Park Station.
Ndinaganiza za chipinda chathu,
za katani yomwe imatigawa pakati ine ndi Felesiya,
yemwe amakanda buledi usiku wonse n'kumagona masana.
Chotere sichingamudzutse, ndinatero mumtima.

Koma mabowo ake ndi otalikirana.
Zala zangazi, zoluka mitu isanu pa tsiku
ine maso ali pa foni,
zodziwa kugwira ngakhale katsitsi ka khanda,
zinatambasuka mpaka chikhatho kuwawa,
bowo lachisanu ndi chimodzi osalipeza.
Mpweya unkangothawa, fwee,
ngati tayala la njinga loponda msomali.

Kondwelani, wa zala ngati chinangwa,
anatseka mabowo onse kamodzi n'kamodzi,
koma mpweya unamuthera pa liwu lachitatu.
Anatsokomola, nati fodya ndisiya mawa.
Bambo Mofokeng anangoyang'ana kudenga.

Chachikulu chimadya mpweya, anatero,
chaching'ono chimadya chibale ndi aneba.
Nanga chapakati? anafunsa mayi wa ku Kongo.
Chimenecho chimadya masabata.

Ndinatenga chapakati, osati mwa chikondi ayi.
Ndinali ndi marandi makumi asanu ndi atatu pa mfundo ya mpango,
ya tekisi ndaika padera.

Tsopano ndimaphunzirira pa masitepe a kuseri,
sikisi koloko madzulo,
pomwe matekisi amatukwanizana ndi mahutala
ndipo palibe angamve kulakwa kwanga.
Mu Juni chitsulo chimaluma mlomo.
Malovu akadzaza pakamwa pake chimachita chibwibwi,
ndimachikutumulira pantchafu n'kuyambanso.
Ndikauzira mwaukali chimalira ngati mwana wotsinidwa,
ndikauzira mwamantha chimang'ung'udza.
Pakati pa ziwirizo pali kanjira kopapatiza
ndipo ndakapondapo kawiri kokha,
kachiwiriko ndinadzidzimuka n'kusiya ndekha.

Lachitatu lapitali zenera linatseguka.
Felesiya, duku lapendama, maso ofiira ndi tulo.
Ndinabisa chitoliro m'juzi ngati ndaba.
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
Akuti bwerezanso kaja,
kumapetoko umathamanga ngati wakuona wapolisi.

Chachitali chija chidakali pa thawulo.
Kondwelani sanabwerenso, akuti anamusinthira shifiti.
Loweruka lililonse ndimachitola ena asanafike,
bambo Mofokeng amanamizira kufunafuna magalasi awo.
Anandionetsa kuti ndisakhomerere ndi nsonga,
ndigoneke zala ngati ndikusalaza nsalu.

Usiku ndisanagone ndimazitambasula m'mphepete mwa tebulo
pomwe ndinajambula timadontho sikisi ndi utoto wa zikhadabo.
Kasitomala wina dzulo anandifunsa:
sisi, bwanji zala zanu zikugogoda m'mutu mwanga?
Ndinapepesa.
Sindinamuuze kuti pakati pa chala ndi kadontho komaliza
patsala mpata wa njere imodzi ya nyemba.